Kompyuta ikuchedwa: RAM ndi yochepa kapena vuto lili pena?

Funso limodzi limangobwerabwera pakati pa Amalawi kuno ku Joni, kaya ndi ku Rosettenville, ku Mayfair kapena ku Yeoville: "Achimwene, kompyuta yanga ikuchedwa, ndiwonjezere RAM yochuluka bwanji?" Ambiri mwa ofunsawo anagula makompyuta akale ochoka m'maofesi, monga Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi Lenovo ThinkCentre, pa Facebook Marketplace kapena m'mashopu a m'tauni. Wina amalemberapo za bizinesi yake, wina anagulira ana asukulu, wina akufuna kuitumiza kumudzi pa basi kuti ikagwire ntchito pa shopu yosindikiza ndi kuika nyimbo m'mafoni.

Zomwe ndimawauza ndi izi: musagule RAM musanaone ndi maso anu kuti yomwe muli nayo ikudzadza. RAM yowonjezera imathandiza kompyuta yomwe ikuisowadi basi. Ngati yomwe ilipo ikukwana, muikemo ina kaya ingachuluke bwanji, palibe chisinthe, ndalama zangopita.

Pajatu ena amasokoneza RAM ndi malo osungira mafayilo. Mafayilo amakhala mu hadi disiki kapena mu SSD (disiki yothamanga yopanda zozungulira mkati), ndipo amakhalabe momwemo ngakhale muzimitse kompyuta. RAM ndi pomwe kompyuta imaika zomwe ikugwirapo ntchito nthawi yomweyo, mukazimitsa zimafufutika. Disiki ndi nkhokwe, RAM ndi lichero. Lichero likachepa mumangoyendayenda ku nkhokwe, ndipo kuyendayendako ndi komwe mumakuona ngati kuchedwa. Choncho kufufuta zithunzi ndi makanema sikuwonjezera RAM.

## Yambani ndi kuyang'ana

Tsegulani zonse zomwe mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, mugwirepo ntchito kwa kanthawi ngati mwa nthawi zonse. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa zomwe kompyuta ikuchita, itseguke. Pitani pa Performance, musankhe Memory. Onani izi:

- Nambala ya pamwamba kumanja: RAM yonse yomwe ili mu kompyutamo.
- Available: yomwe yatsala. Ikamatsikira pansi pa 1 GB pomwe mukugwira ntchito, RAM yachepadi.
- Committed: pali manambala awiri. Yoyambayo ikamaposa RAM yomwe muli nayo, ndiye kuti Windows ikubwereka malo pa disiki.
- Slots used: mipata yolowetsamo RAM ilipo ingati, ndipo yodzadza ndi ingati.
- Speed ndi Form factor: liwiro lake, komanso ngati ndi DIMM yaitali kapena SODIMM yaifupi.

Nambala ya Cached isakuopseni ngakhale ikule. Windows imangosunga zinthu pamenepo kuti zidzatseguke msanga, ndipo imamasula malowo pulogalamu ina ikawafuna.

Musatseke musanadinenso pa Disk. Mayankho ambiri ali pamenepo.

## Nanga yokwanira ndi yochuluka bwanji?

- 4 GB: ndi malire otsikitsitsa omwe Microsoft inaika pa Windows 11. Iyaka ndithu, koma mukatsegula Chrome ndi Word pamodzi iyamba kuwefuka.
- 8 GB: yokwanira pa Word, Excel, kusindikiza, YouTube, WhatsApp ya pa kompyuta ndi masamba ochepa a intaneti. Ya ana asukulu ndi ya pa shopu yotayipa, iyi ndi yabwino.
- 16 GB: ngati mumatsegula masamba ambirimbiri, mumakhala pa Zoom kapena Teams uku mukulemba, mumapanga makadi a ukwati ndi zikwangwani pa CorelDRAW kapena Photoshop, kapena mumasewera magemu atsopano. Amene akugula lero kuti akhalitse nayo, bola 16 GB.
- 32 GB: ya ojambula makanema a maukwati ndi zinkhoswe. Adobe yomwe imalangiza 16 GB pa makanema a HD mu Premiere Pro, ndi 32 GB pa a 4K.

Kuposa apo, munthu wamba sakuifuna. Wogulitsa akamakukakamizani 64 GB kuti muzilembera makalata, dziwani kuti akuganiza za thumba lake.

## Chizindikiro 1: Imachedwa kuyaka, ndipo chilichonse chimatseguka mochedwa

Apa ndi pomwe RAM imanamiziridwa kwambiri. Kompyuta ikamachedwa kuyambira pomwe mwaiyatsa, musanatsegule n'komwe kanthu, RAM siikhala yoyamba kuikayikira.

1. Hadi disiki yozungulira ija. Makompyuta ambiri akale a m'maofesi anabwera nayo. Pa Task Manager muona Disk ili pa 100% kwa nthawi yaitali, pomwe Memory idakali ndi malo. Pamenepo pamalembedwanso ngati ndi HDD kapena SSD. Mankhwala ake ndi SSD ya SATA, yomwe imalumikizidwa pa chingwe chomwe panali hadi disiki, ngakhale ya 256 GB, n'kuikamo Windows. Kompyuta ya 8 GB yokhala ndi SSD imathamanga kuposa ya 16 GB yokhala ndi hadi disiki yakale pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Ngati ndalama zikukwana chinthu chimodzi chokha, yambani ndi SSD.
2. Mapulogalamu odziyatsa okha. Pa Task Manager pomwepo pitani pa Startup apps, kapena Startup ngati ndi Windows 10. Zimitsani zomwe simukuzifuna poyamba: Teams, Spotify, Skype, ndi zina zomwe mwini wake wakale anasiyamo.
3. Windows ikudzikonza. Kompyuta yomwe yakhala miyezi mu katoni imayamba kukoka zatsopano pa intaneti mukangoilumikiza. Isiyeni imalize, muiyatsenso, ndiye muiweruze.
4. Ma antivirus awiri kapena atatu akulimbana. Siyani Windows Security yokha, enawo achotseni.
5. RAM yochepadi, makamaka 4 GB. Muidziwa poona Available.
6. Fumbi ndi kutentha. Fani ikamalira ngati ikufuna kuuluka, tsegulani bokosilo mupemerere fumbi pa fani ndi pa tizitsulo toziziritsa CPU, ubongo wa kompyuta.

Disiki ikamalira kuti ke-ke-ke, siyani zonse, koperani mafayilo anu pena tsiku lomwelo. Imeneyo ili pafupi kufa.

## Chizindikiro 2: Imayamba bwino, koma imauma mukatsegula zambiri

Ichi ndiye chizindikiro chenicheni cha RAM yochepa. M'mawa zonse zili bwino. Pofika masana mwatsegula masamba ambiri, Excel, WhatsApp, ndiye mukafuna kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa inzake kompyuta imaima kaye, masamba a pa Chrome amayambanso kutseguka mwatsopano mukabwererako, mwinanso uthenga umabwera woti memory yachepa.

1. RAM yadzadzadi. Memory ili pa 90% kapena kuposa, Available yatsala pang'ono, Disk nayo ikugwira ntchito mosalekeza. Onjezerani: kuchoka pa 4 kupita pa 8, kapena pa 8 kupita pa 16.
2. Chrome kapena Edge yadya yonse. Pitani pa Processes, mudine pa mutu wa Memory kuti odya kwambiri akwere pamwamba. Tsekani masamba omwe simukuwawerenga, chotsani ma extension (timapulogalamu towonjezera mu Chrome kapena Edge) osafunika, ndipo muyatse Memory Saver ya mu Chrome.
3. Pulogalamu imodzi yomwe ikungokulirakulira. Ikamadya RAM mowonjezeka ngakhale simukuigwiritsa ntchito, ili ndi vuto. Itsekeni, muikemo ya tsopano. Kugula RAM apa kumangochedwetsa vutolo ndi maola ochepa.
4. Disiki ya C yadzadza. Windows imafuna malo pa disiki oti ithawireko RAM ikachepa. Ikasowa malowo, mapulogalamu amangotseka okha. Samutsani makanema ndi nyimbo.
5. Wina anazimitsa virtual memory, malo a pa disiki aja omwe Windows imabwereka, poganiza kuti akuithamangitsa. Bwezerani pa zoti Windows izidziyendetsera yokha.

## Musanatsegule bokosi

Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, ndipo mudine batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe. M'miyezi yozizira ya June mpaka August mpweya wa Johannesburg umauma kwambiri, ndiye thupi limasunga timagetsi tija timakulasani mukagwira chitseko cha galimoto. Timeneto tikhoza kupha RAM. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo, musaime pa kapeti mutavala masokosi, ndipo RAM muziigwira m'mbali, osati pa mano ake agolide.

## Chizindikiro 3: Mwaika RAM yatsopano, kompyuta sikuonetsa kanthu

Fani ikuzungulira koma sikirini ndi yakuda, mwina ikulira kuti pii-pii, kapena kanyali ka pa batani kakuphethira. Musathamangire kuganiza kuti mwaipha.

1. RAM siinalowe bwino. Ichi ndiye chimachitika kwambiri. Anthu amaopa kukanikiza. Itulutseni, muone kuti kamng'alu ka pakati pa mano kakulunjika ndi kachotupa ka mu mpatamo, ndipo mukanikize mbali zonse ziwiri ndi zala zazikulu mpaka zotsekera za m'mbali zitseke zokha. Ma motherboard (bolodi yaikulu ya m'bokosi momwe zonse zimalumikizidwa) ena ali ndi chotsekera mbali imodzi yokha.
2. Mwagula mtundu wolakwika. DDR3, DDR4 ndi DDR5 sizilowana. DDR3 yaitali ili ndi mano 240, pomwe DDR4 ndi DDR5 zili ndi 288, koma kamng'alu kali malo osiyana. Ikakana kulowa musaikakamize. Komatu pali msampha wina: DDR3 wamba imagwira ndi mphamvu ya 1.5 V, pomwe DDR3L imagwira ndi 1.35 V, ndipo ziwirizi zimalowa mu mpata umodzi. Kompyuta yofuna DDR3L ikhoza kukana DDR3 wamba. Dzina la kompyuta lisakunamizeni: Dell OptiPlex 3040 imadya DDR3L, koma 7040, ya m'badwo womwewo, imadya DDR4.
3. Mwagula RAM ya ma server, makompyuta akuluakulu a m'makampani. Iyi imapezeka motchipa pa intaneti, n'chifukwa chake ambiri amagwa nayo. Werengani kapepala ka pamwamba pake. PC3-12800U ndi ya kompyuta wamba, PC3-12800S ndi yaifupi ya laputopu, koma PC3-12800R ndi ya server ndipo mu kompyuta yanu siigwira ngakhale ilowe bwinobwino. PC3L ndi DDR3L, PC4 ndi DDR4.
4. Mwaposa malire a motherboard. Iliyonse ili ndi polekezera pake, pa mpata umodzi komanso yonse pamodzi. Lembani dzina ndi nambala ya kompyutayo pa tsamba la kampani yomwe inaipanga, muone malire musanagule.
5. Mpata wolakwika. Pa motherboard ya mipata inayi, zidutswa ziwiri nthawi zambiri zimakhala pa wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa CPU, pomwe pamalembedwa A2 ndi B2. Pa makompyuta a m'maofesi tsatirani manambala kapena mitundu ya zotsekera.
6. RAM ndi yakufa kale.

Njira yodziwira: bwezeranimo yakale yokha. Ikayaka, kompyuta ili bwino. Kenako yesani yatsopano yokha mu mpata womwewo. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudziwa chomwe chakonza.

Ngati ndi kompyuta yatsopano ya DDR5, ulendo woyamba imatha kukhala ndi sikirini yakuda kwa mphindi zingapo ikuyesa RAM ija. Idikireni musanazimitse.

Tikompyuta tating'ono tija, ta Dell Micro, HP Mini ndi Lenovo Tiny, timadya SODIMM ya laputopu ngakhale timakhala pa tebulo.

## Chizindikiro 4: Mwaika 8 GB kapena 16 GB, Windows ikuona yochepa

Pitani pa Settings, System, About. Pa Installed RAM pamalembedwa yomwe ilimo komanso yomwe ikutheka kugwiritsidwa ntchito.

1. Chidutswa chimodzi sichinalowe bwino. Mwaika ziwiri za 8 GB koma ikuonetsa 8 yokha, ndipo Slots used ikuti umodzi. Zimitsani, mukanikizenso.
2. Windows ya 32-bit. Pa System type pamenepo pamaoneka. Ya 32-bit siiona kupitirira 4 GB, ndipo yomwe mumagwiritsa ntchito imakhala 3 ndi theka kapena kucheperapo. Izi zimapezeka pa Windows 7 ndi Windows 10 zomwe zinaikidwa mwachisawawa. Palibe chidule, muyenera kuikamo ya 64-bit mwatsopano, ndiye sungani kaye mafayilo. Windows 11 ilibe ya 32-bit.
3. Gawo lina latengedwa ndi zoonetsa zithunzi. Kompyuta yopanda graphics card yakeyake imabwereka RAM. Pa Task Manager zimaoneka pa Hardware reserved. Ikakhala yochepa si vuto. Ikafika 2 GB, zomwe zimachitika ndi ma Ryzen ena okhala ndi graphics mkati, imachepetsedwa mu BIOS, tsamba losinthira zinthu za motherboard lomwe mumalitsegula Windows isanayake.
4. Wina anaika malire. Dinani batani la Windows ndi R, lembani msconfig, pitani pa Boot, kenako Advanced options, ndipo muchotse chizindikiro pa Maximum memory.
5. Mpata wafa, kapena timapini ta pansi pa CPU tapindika. RAM yomweyo ikamagwira mu mpata wina koma mu winawo ayi, lekerani pomwepo. Za timapini ndi za mmisiri.

## Chizindikiro 5: Sikirini ya buluu, kapena imangodzizimitsa n'kuyakanso

Jambulani ndi foni mawu omwe alembedwa pansi. MEMORY_MANAGEMENT, PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA ndi IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL amaloza ku RAM kawirikawiri, ngakhale ma driver (timapulogalamu toyendetsa zipangizo za kompyuta) oipa amabweretsanso omwewo. Zindikirani kuti apa nkhani si kuchepa kwa RAM. RAM yochepa imachedwetsa kompyuta, RAM yodwala ndi yomwe imaigwetsa.

1. Ngati zayamba mutangoika RAM yatsopano, ichotseni muone. Zidutswa za makampani osiyana kapena za liwiro losiyana nthawi zambiri zimagwirizana, zonse n'kutsikira pa liwiro la chochedwacho, koma zina zimakanana.
2. XMP kapena EXPO. Pa makompyuta odzimangira, izi zimathamangitsa RAM kuposa liwiro lake loyambira. Zimitsani mu BIOS, muone ngati vuto litha.
3. Mafayilo a Windows aonongeka chifukwa magetsi anathima mwadzidzidzi. Tonse tikudziwa m'mene magetsi amachitira kuno. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani sfc /scannow.
4. Driver yatsopano, makamaka ya graphics kapena ya Wi-Fi ya pa USB. Bwererani pa yakale.
5. RAM yodwala. Dinani batani la Windows ndi R, lembani mdsched, ndipo mulole kompyuta iyakenso n'kudziyeza. Kuyeza kozama ndi kwa MemTest86, yomwe imaikidwa pa fulashi n'kuyatsira pomwepo. Isiyeni usiku wonse, tsiku lomwe mukudziwa kuti magetsi sathima. Ikapeza cholakwika ngakhale chimodzi, yezani chidutswa chilichonse pachokha kuti mudziwe chodwalacho. RAM siikonzedwa, imangosinthidwa.
6. Power supply, kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta, yatopa. Iyi imazimitsa kompyuta popanda uthenga uliwonse, makamaka ikamagwira ntchito yolemetsa.

Nyengo ya mvula, mphenzi za kuno si zamasewera. Mvula ya ziphaliwali ikayamba zulani chingwe kukhoma, ndipo ngati mungathe gulani batire yosunga magetsi yotchedwa UPS yaing'ono yoti ikupatseni mpata wozimitsa bwinobwino.

## Chizindikiro 6: Mwawonjezera, yaoneka yonse, koma palibe chasintha

Ndiye kuti RAM sinali vuto. Bwererani pa chizindikiro choyamba, muone Disk. Ngati SSD ilimo kale, onani CPU pa Task Manager. Ikamakhala pa 100% pa ntchito zazing'ono, kompyutayo yakalamba basi. Ngati chochedwa ndi masamba a intaneti okha, yesani kaye liwiro la intaneti yanu.

Za magemu, zidutswa ziwiri za 8 GB zimaposa chimodzi cha 16 GB, chifukwa ziwiri zimagwira mogawana njira. Kusiyanaku kumaoneka kwambiri pa kompyuta yopanda graphics card.

Palinso mfundo ina yofunika kuilingalira musanathire ndalama pa kompyuta yakale. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo pa makompyuta a Intel, Windows 11 imafuna CPU ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, komanso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Core i5-4570 kapena i5-6500 siili pa mndandanda wa ma CPU omwe Windows 11 imalola. Kuikamo 8 GB ndi SSD yotchipa kuti izitayipa ndi kusindikiza n'kwanzeru. Kuidzadza 32 GB ayi, bola kusunga ndalamazo mugule ya m'badwo wa 8.

## Pomwe muyenera kulekera ndi kupita kwa mmisiri

- Mwamva fungo la kupsa, kapena mwaona utsi.
- Kompyuta yasiya kuyaka mphenzi itagwa kapena magetsi atabwera mwamphamvu.
- Vuto lili mu power supply. Bokosi limenelo musalitsegule. Limasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula chingwe.
- Mpata wa RAM wathyoka, kapena timapini ta CPU tapindika.
- Timigolo tating'ono ta pa motherboard tatupa pamwamba kapena tikutuluka zinthu.
- RAM yakale ndi yatsopano zonse zikukana, mu mipata yonse.
- BIOS ili ndi mawu achinsinsi a kampani yomwe inali nayo kale.
- Disiki ikulira ndipo muli mafayilo omwe simunawasunge pena.
- Kompyuta idakali pa waranti. Funsani ogulitsa musanaitsegule.

Popita kwa mmisiri tengani chithunzi cha sikirini ya buluu chija, ndipo mumuuze zomwe mwayesa kale. Jambulaninso RAM yanu ndi kapepala kake musanaisiye kompyutayo, kuti mukadzaitenga mudzatsimikize kuti zomwe zilimo ndi zanu zomwe zija.

## Pogula ndi potumiza kumudzi

Chabwino ndi kutenga RAM yakaleyo m'thumba, kapena chithunzi cha kapepala kake, n'kukafanizira ku shopu. Pulogalamu yaulere ya CPU-Z imaonetsanso mtundu wake pa gawo la SPD popanda kutsegula bokosi. Funsani risiti. Lamulo la South Africa la Consumer Protection Act la 2008 limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu woonongeka kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe, koma izi ndi za ogulitsa a bizinesi. Mukagula kwa munthu pa Facebook, lamulolo silikuthandizani, choncho muyesereni pomwepo mu kompyuta yoyaka musanapereke ndalama.

Yopita kumudzi ikonzereni konkuno. Ikanimo SSD ndi RAM yokwanira, iyezeni ndi MemTest86, ndipo Windows imalize kudzikonza pa Wi-Fi ya kuno, asakathere ndalama pa mabandulo kumeneko. Msewu ndi wautali ndipo katundu amagwedezeka m'ngolo ya basi, ndiye RAM imatha kusuntha pang'ono. Auzeni olandirawo kuti ikakafika n'kukana kuonetsa kanthu, asathamangire kunena kuti mwawatumizira yakufa. Azule chingwe, atsegule, atulutse RAM n'kuikanikizanso mpaka zotsekera zitseke.